Mbiri ya ku Sukulu ndi Mbiri ya pa Bwalo

Tsiku lina madzulo, nditaweruka ku nchito, ndinapeza mwana wa mlongo wanga, amene ndiri kumsunga kuno ku Chipata kuti aphunzire, atakhala pa khonde ali kuloweza mbiri, pakuti mayeso anali pafupi. Anali atatseka maso, nabwereza mau amodzimodzi kawirikawiri monga mkazi woimba pa mtondo: caka ca 1835 Angoni anaoloka Zambezi, caka ca 1898 Angoni anagonja kwa Azungu. Ine ndinakhala pansi ndi kumfunsa kuti, "Kodi iwe, popeza Zwangendaba analibe kalendala, ndipo sanayende ndi kalaliki womlembera masiku, tidziwa bwanji kuti cinali caka ca 1835?" Mnyamatayo anandiyang'ana modabwa, nayankha mwaulemu kuti, "Amalume, zimenezo sizibwera pa mayeso."

Sindinamkalipire, cifukwa ananena zoona, ndiponso cifukwa ine ndemwe pa msinkhu wace ndikadayankha cimodzimodzi. Koma mau acewo anandisowetsa tulo, ndipo ndiwo andicititsa kulemba nkhani ino. Ndifuna kuonetsa pamene kaphunzitsidwe ka mbiri kaperewera m'masukulu mwathu, ndi kuonetsanso kuti mankhwala a bvuto limeneli ndiwo kuphunzira kopambana, osati kunyoza sukulu monga acitira ena. Ine sindine mphunzitsi. Ndine kalaliki wa Boma, ndipo zaka zoposa makumi atatu ndakhala pakati pa makalata akale ndi nkhalamba zobwera ku ofesi ndi milandu ya malire a minda. Zimene ndinena pano ndazitola m'malo awiri amenewa.

Mmene anaphunzirira atate athu

Kuno kum'mawa sukulu inadza ndi amishoni. A Dutch Reformed Church ocokera ku Orange Free State anamanga Magwero m'caka ca 1899, Madzimoyo mu 1903, ndi Nyanje mu 1905. A White Fathers anakhala pa Kachebere, pa malire a dziko lino ndi Malawi, mu 1903, ndipo a U.M.C.A. anatsegula Msoro, kumene wansembe Leonard Kamungu anagwira nchito kufikira imfa yace mu 1913. Colinga ca amishoni cinali cakuti munthu athe kuwerenga yekha Mau a Mulungu, ndipo pa ici tiyenera kuwayamika, pakuti ndiwo anatipatsa zilembo, ndipo Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922 linaphunzitsa anthu ambirimbiri kuwerenga cinenero cao. Kampani ya British South Africa, imene inalamulira dziko lino kufikira 1924, sinasamale kwenikweni za maphunziro a anthu akuda. Boma linayamba kuyang'anira masukulu mu 1925, ndipo maphunziro a sekondale a pa Munali anayamba mu 1939. N'cifukwa cace pamene tinalandira ufulu mu 1964, m'dziko lonse munali anthu ngati 100 okha otsiriza maphunziro a pa yunivesite.

M'masukulu a nthawi imeneyo mbiri inali ya eni mabuku. Atate anga, amene anafika Standard VI, kufikira ukalamba wao anali kutha kuchula caka ca 1066, pamene William anagonjetsa England, pamodzi ndi maina a mafumu a kumeneko. Anadziwanso kuti Dr. David Livingstone anafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya mu 1855, namwalira kwa Chitambo mu 1873. Iwo anaphunzitsidwa kuti iye ndiye anatulukira mathithiwo, ngakhale kuti anamperekeza kumeneko ndi Amakololo a Sekeletu, amene anadziwa kale njira ndi dzina lomwe. Mwana wophunzira cotero anakula ndi maganizo akuti dziko lathu linali m'tulo kufikira tsiku limene mlendo analipondamo. Za Kalonga, za Undi, za Mkanda ndi za Kalindawalo atate sanazimve m'kalasi, pakuti zimenezo zinayesedwa nthano za kumudzi, zokambirana pa moto usiku.

Mmene tinaphunzirira ife

Ufulu utabwera mabuku anasinthidwa. Ife amene tinalowa sekondale m'zaka za m'ma 1980 tinaphunzira za Aluba ndi Alunda, za Kazembe, za Chitimukulu, za Lewanika, za Undi ndi za Zwangendaba. Ici cinali cabwino ndithu, ndipo palibe angacitsutse. Koma anasintha ndiwo, osasintha kaphikidwe, ndipo zolakwa zitatu zinatsalabe, zimene ndiri kuziona lero lomwe m'makope a mwana wa mlongo wanga.

Coyamba ndico kuloweza. Mphunzitsi analemba pa bolodi, ife tinakopera, ndipo pa mayeso tinabweza zomwezo monga munthu abweza nkhwangwa yobwereka. Tinaloweza zifukwa zisanu za kukula kwa ufumu wa Undi ndi zifukwa zisanu za kugwa kwace. Tinadziwa kulemba kuti Undi anapatukana ndi Kalonga nakamanga ku Mano, koma Manoyo sitinadziwe kumene ali. Palibe anatiuza kuti ali m'Mozambique, ca ku mtsinje wa Kapoche, kum'mwera kwa Katete, ndi kuti pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la mu 1891 ndilo linadula anthu a Undi pakati. Komabe m'kalasi momwemo munali ana amene azakhali ao anali kukhala tsidya lina la malire amenewo, ndipo anali kupitako ku maliro, osadziwa kuti ali kuyenda m'phunziro limene analoweza dzulo.

Caciwiri ndico kuyamba ndi zakutali ndi kulumpha za pakhomo. Tinaloweza za Dr. Jameson, amene analowa m'Transvaal ndi asilikali ca kumapeto kwa 1895, nagwidwa ndi Mabunu pa 2 January 1896. Koma sindikumbukira kuti wina anatiuza kuti Fort Jameson, dzina lakale la tauni imene tinali kugulamo sopo ndi mcere, ndi la munthu yemweyo, kapena kuti tauniyi inali likulu la North-Eastern Rhodesia kuyambira 1899 kufikira 1911. Mau awiri okha akadakwanira kulumikiza buku ndi mseu umene tinali kuyendamo tsiku ndi tsiku, koma sananenedwe.

Cacitatu, cimene ciri cacikulu pa zonse, ndico kusafunsa kuti tidziwa bwanji. Zonse zinali m'Cingelezi, ndipo mwana anatha mphamvu zace polimbana ndi mau, nafika pa nkhani yeniyeni atatopa kale. Buku tinaliyesa ngati cinthu cogwa kumwamba, osaganiza kuti analilemba ndi munthu amene nayenso anacita kufunsa wina. M'zaka zonse za sukulu yanga sindinatumidwe ndi kamodzi komwe kukafunsa munthu wamkulu za kale.

Ponena izi sindiri kuimba mlandu aphunzitsi. Ambiri a iwo anagwira nchito ndi mtima wonse, ali ndi buku limodzi pa ana makumi anai kapena kuposa, ndipo mphunzitsi aphunzitsa cimene mayeso afunsa, pakuti ana akalephera mlandu ugwera iye. Colakwa ciri m'njira yace, ndipo ndifuna kuonetsa ndi nkhani ziwiri zomwe zija mnyamatayo anali kuloweza, kuti muone cimene citayika.

Kadamsana wa pa Zambezi

Angoni a Zwangendaba anacoka kum'mwera pa nthawi ya nkhondo za Shaka, nayenda zaka zambiri, natola anthu a mitundu ina pa njira, kufikira anafika pa Zambezi, kufupi ndi Zumbo, pamene Luangwa athira m'mtsinje waukuluwo. Mpezeni pa nthawiyo anali mwana wamng'ono. Akulu a Cingoni, a kuno ndi a ku Malawi omwe, anasunga mau akuti tsiku la kuolokalo dzuwa linada usana, ndipo anthu anagwidwa ndi mantha akulu. Caka sanacidziwe, koma mdimawo sanauiwale, nauza ana ao, iwonso nauza ao.

Patapita zaka zambiri anthu ophunzira anamva mau amenewa, mmodzi wa iwo ndiye E. H. Lane Poole, bwana wa Boma amene anagwira nchito kuno kum'mawa, nalemba za nkhaniyi mu 1930. Tsono kadamsana sabwera mwangozi. Dzuwa lida pamene mwezi upita pakati pa dziko ndi dzuwa, ndipo odziwa za nyenyezi atha kuwerengera cam'mbuyo ndi kupeza tsiku ndi malo a kadamsana ali yense. Atawerengera anapeza kuti dzuwa linadadi m'dera limenelo m'mwezi wa November 1835. Mabuku ena analemba tsiku la 19, koma kuwerengera kwa odziwa nyenyezi kuloza pa 20, ndipo icinso ciphunzitsa mwana kuti buku litha kuphonya.

Taonani tsono mmene caka cimene ana athu aloweza cinapezekera. Nkhalamba yosadziwa kulemba inasunga mdima, munthu wa sukulu anabwera ndi masamu, ndipo pokumana awiriwa panatuluka caka cotsimikizika. Nkhalambayo payokha ikadangoti kunali kalekale, ndipo wamasamuyo payekha akadadziwa za kadamsana osadziwa kuti pa tsikulo mtundu wa anthu unali kuoloka mtsinje. Mwana akauzidwa nkhani iyi sangaiwale caka ca 1835, ndipo aphunziramo zina ziwiri, kuti mau a agogo ace ali ndi mtengo, ndi kuti masamu a ku sukulu ali ndi nchito. Koma ife timpatsa nambala yokha, monga munthu wopatsa mlendo fupa atadya yekha nyama.

Cikalata ndi nkhondo ya 1898

Nkhani yaciwiri ndi yolemera koposa. M'kope la mnyamata uja munalembedwa kuti Angoni anagonja mu 1898 cifukwa Azungu anali ndi mfuti zoposa. Izi n'zoona, koma nkhondoyo inayamba ndi pepala, mfuti zinadza pambuyo.

Zwangendaba atamwalira ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, ana ace anapatukana, ndipo Mpezeni, atayenda m'maiko ambiri, anadzakhala m'dziko la Ansenga ndi Acewa kuno kwathu. M'zaka za m'ma 1880 kunabwera kwa iye Mjeremani wina wa malonda a minyanga, dzina lace Carl Wiese, wocokera ku Tete, ndipo anakhala bwenzi la mfumu. Alfred Sharpe anabwera mu 1890 kudzafuna pangano m'dzina la Angelezi, koma Mpezeni anakana. Mu 1891 Wiese anatenga cikalata conena kuti Mpezeni wampatsa mphamvu pa dziko ndi pa miyala ya mtengo wapatali. Mwa mwambo wathu mfumu ipatsa mlendo malo okhalapo ndi kulimapo, koma dziko siligulitsidwa, cifukwa ndi la akufa, amoyo, ndi osabadwa. Cimene mfumu inamva ndi makutu ndi cimene cinalembedwa pa pepala sizikadatha kukhala cinthu cimodzi, ndipo mfumuyo sinathe kuwerenga kuti ione kusiyana kwace.

Cikalataco cinayenda ulendo wautali kufikira ku London, kumene kunali mbiri yakuti m'dziko la Mpezeni muli golide wambiri. Atapangana ndi kampani ya Cecil Rhodes, mu 1895 anakhazikitsa kampani yochedwa North Charterland Exploration Company, napatsidwa dziko lalikulu masikweya mailo 10,000, ndiko kunena ngati munda wa mailo 100 m'litali ndi mailo 100 m'lifupi. Anthu a kampaniyo anafika mu 1896, nayamba kufuna golide ndi kumanga malinga pakati pa midzi. Mpezeni anali atakalamba ndipo sanafune nkhondo, koma mwana wace Nsingo, pamodzi ndi anyamata a magulu a nkhondo, anaona kuti alendowo sanadze kudzaceza. Ca kumapeto kwa 1897 Azungu a kampaniyo anatumiza mau kuti azingidwa, ndipo mu January 1898 kunabwera asilikali ocokera ku dziko limene lero ndi Malawi, ali ndi mfuti za Maxim ndi mizinga. Nthungo ndi zishango sizinathe kulimbana nazo. Midzi inatenthedwa, Nsingo anagwidwa naomberedwa mu February pamaso pa anthu ace, Mpezeni anadzipereka natengedwa kukasungidwa ku Fort Manning, kumene lero ndi Mchinji, ndipo atabwerako anamwalira mu 1900. Ng'ombe zoposa 10,000 zinalandidwa. Golide wambiri uja sanapezeke.

Apa ndi pamene kope la sukulu lilekeza, koma kwa anthu ndi pamene mabvuto anayambira. Posakhalitsa kunabwera msonkho wa nyumba wa mashilingi 3, ndipo amuna amene analibenso ng'ombe anayamba ulendo wa pansi wa ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ndi ku migodi ya kum'mwera. Kampani inagulitsa malo abwino kwa Azungu olima fodya. Boma linaika bungwe mu 1924 lakuti lidule malo a anthu akuda, ndipo ca m'ma 1928 ndi zaka zotsatira midzi yambiri, ya Angoni, Acewa ndi Ansenga omwe, inasamutsidwira m'malo ochedwa marizevu. M'menemo anthu anapanikizana, nthaka inaguga, mitengo inatha, pamene dziko limene anacotsedwamo linangokhala lopanda anthu, cifukwa Azungu amene anayembekezeka sanabwere ambiri. Chire linamera, nyama za kuthengo zinabwerera, ndi kashembe yemwe, wopha ng'ombe. Zinthu zitaipa kwambiri, Boma linagula dziko lotsala la kampaniyo mu 1941, niliyamba kubwezeramo anthu.

Onani kuti ziri zaka 50 kucokera pa cikalata ca 1891 kufikira 1941. Munthu wosadziwa nkhani iyi sangamvetse cifukwa cace mudzi wa kwao uli pamene ulipo, cifukwa cace abale ace ambiri anacona ku Zimbabwe, kapena cifukwa cace milandu ya malire siitha m'maofesi mwathu. Sangamvetsenso cifukwa cace Nc'wala inaleka nkhondoyo itatha, ndi kudzayambanso mu 1980.

Agogo anga

Pano ndiyenera kuulula colakwa canga. Amai ao a amai anga anali mtsikana wosinkhuka pa nthawi ya kusamukira m'marizevu, ndipo anali ndi ana pamene anthu anabwezedwa. Anadziwa dzina la mudzi wakale, mtsinje umene anali kutungako madzi, mtengo umene unali pa bwalo, ndi maina a anthu amene anaikidwa m'manda a kumeneko. Anadziwanso zimene amai ao anawauza za kuthawira m'mapiri pa caka ca nkhondo. Ine pobwera ku chuthi ndiri ku sekondale, iwo anali kundiitana kuti, "Mdzukulu wanga, khala apa ndikuuze za kumene tinacokera." Ine ndinali kuyankha kuti, "Agogo, ndiri kuwerenga, mayeso ayandikira," ndipo cimene ndinali kuwerenga cinali pangano la Versailles la mu 1919.

Anamwalira ndisanalembe ndi liu limodzi lomwe. Patapita zaka, ndiri pa nchito, ndinaona m'makalata akale nkhani ya kusamuka komweko, yolembedwa ndi mabwana a Boma. M'makalatamo munali ciwerengero ca midzi ndi ca okhoma msonkho, koma mtsinje uja, mtengo uja ndi manda aja munalibe. Theka la nkhani linali m'manja mwanga, theka lina ndinali nditaliika m'manda ndi manja anga omwe. Akulu anati mau a akulu akoma akagonera, ndipo ine ndinamva kukoma kwace mwini mau atapita. Sukulu sinandiuze kuti ndinyoze agogo anga, koma sinandiuzenso kuti zimene anali kunenazo ndizo mbiri.

Kodi tsono sukulu ndi yacabe?

Alipo ena m'matauni muno amene akamva zotere anena kuti maphunziro alibe phindu, popeza ophunzira ambiri ali kuyendayenda opanda nchito, ndipo mbiri siidyedwa. Ine nditsutsana nao, ndipo umboni wanga ndi nkhani yomwe ija ya Mpezeni. Mfumu imene inali ndi ankhondo zikwi zambiri inagwa m'mbuna ya pepala limodzi. Masiku ano mapepala aculuka koposa kale, a malo, a ngongole, a masiye, a makampani ofuna kukumba miyala, ndipo ine pa desiki langa ndaona anthu ambiri akulira cifukwa anasaina cimene sanawerenge. Mbiri yophunzitsidwa bwino ndiyo iphunzitsa munthu kufunsa kuti, analemba ndani, anafuna ciani, ndipo anasiya ciani osalemba. Mafunso amenewa ateteza munda wa munthu koposa mpanda.

Tisanyengedwenso kuganiza kuti zonse zokambidwa pa bwalo ndi zoona. Munthu ali yense akometsa za kwao. Mngoni asimba za kulimba mtima kwa makolo ace, koma Mcewa ndi Mnsenga akumbukira midzi yotenthedwa, malinga obisalamo ndi ana ogwidwa. Mcewa asimba za ukulu wa Undi, koma sakonda kuchula kuti mafumu ena anagulitsa anthu kwa Acikunda ndi kwa amalonda a ku gombe. Pa milandu ya ufumu ndaona mbali ziwiri, iri yonse ndi mndandanda wace wa makolo, ndipo iri yonse ilumbira kuti wace ndiwo woona. Wotha kuyesa mau otere ndiye munthu wophunzira, amene afunsa anthu ambiri, nalinganiza zonena zao ndi zolembedwa. Gamitto, msilikali wa Cipwitikizi amene anadutsa m'dziko la Acewa mu 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, analemba za midzi, mafumu, malimidwe ndi miyambo imene anaona. Iyenso anaona ndi maso a mlendo, ndipo zina sanazimvetse, koma poika mau ace pambali pa mau a akulu athu tiyandikira coonadi. Nchito imeneyi sangaicite munthu wosapita ku sukulu.

Ndiponso tikumbukire kuti amene anayamba kutilembera mbiri yathu m'zinenero zathu anali ana a sukulu za mishoni. Samuel Ntara wa ku Malawi anayenda kufunsa akulu nalemba Mbiri ya Acewa, ndipo Yesaya Chibambo analemba za Angoni a kumpoto kwa dzikolo. Iwo anaphunzira kwa amishoni monga atate anga, koma anatenga colembera cimene anapatsidwa nabwerera naco pa bwalo. Cimene sukulu inawamana anacipeza ndi cida cimene sukulu yomweyo inawapatsa.

Zimene tingacite

Kusintha mayeso ndi nchito ya akulu a maphunziro, ndipo ndiwapempha kuti aikemo funso limodzi lokha lofuna kuti mwana afotokoze mbiri ya mudzi wace kapena tauni yace, ndi kuchula amene anamuuza. Likadzangolowa funso limenelo, aphunzitsi adzayamba okha kutuma ana kwa akulu. Aphunzitsi nao ndiwapempha kuti pa caka ciri conse cimene alemba pa bolodi anene mmene cinadziwikira, ndipo akaona kuti ana sali kumva, asacite manyazi kufotokoza m'Cinyanja. Ophunzitsa kuno kum'mawa ali ndi mwai, pakuti Nc'wala icitika ku Mtenguleni mu February, ndi Kulamba ku Mkaika mu August, ndipo mwana wopita kumeneko atauzidwa kale ciyambi cace aona zambiri koposa magule.

Koma nchito yaikulu iri ndi ife makolo a m'matauni, pakuti ndife tiri pakati, tidziwa kulemba ndipo tikali ndi akulu kumudzi. Ana athu abadwira m'makomboni ndi m'mayadi, ndipo ambiri sadziwa ngakhale mfunda wa amai ao. Gulani kope limodzi. Mukapita kumudzi, musathe masiku onse pa maliro ndi pa mowa. Khalani pansi ndi munthu wamkulu, mufunse kumene mudzi unacokera, unasamuka kangati, ndi cifukwa ninji, anatsogolera ndani. Lembani monga anenera mwini, m'cinenero cace, osakonza. Lembaninso dzina lace, tsiku, ndi amene iye anamvako. Pambuyo pace mufunse wina wa banja lina, ndipo akasiyana lembani zonse ziwiri. Amene muli ndi lamya zotha kujambula mau, jambulani, koma mulembenso pa pepala, cifukwa lamya itayika ndi kuonongeka. Safunsa anadya phula, ndipo amene anaona ndi maso ao masiku a Federation ya 1953 ndi ufulu wa 1964 ali kutha caka ndi caka.

Mwana wa mlongo wanga uja ndinamfotokozera za kadamsana usiku womwewo, ndipo anandifunsa mafunso kufikira nsima inazizira. Pa chuthi cotsatira ndinamtuma kumudzi ndi kope ndi mapensulo awiri, kwa mbale wa agogo anga amene atsala yekha wa mbadwo wotsatana nao. Anabwerako ndi masamba khumi ndi awiri. Zambiri zinali zosokonezeka, ndipo zina ziyenera kufunsidwanso, koma pa tsamba lacinai panali dzina la mtsinje umene agogo anga anali kutungako madzi, limene ine ndinakana kulimva ndiri mnyamata. Mayeso ace anakhoza, ndipo kopelo tiri kulisunga m'bokosi limodzi ndi makalata a nyumba.